Kakompyuta ka amalume anga kankakomoka munthu akangogunda tebulo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankheko bambo aja analemba sabata yatha kuti maphunziro a kompyuta m'masukulu mwathu ndi kutaya nthawi chabe chifukwa ana alibe malaputopu odula. Bambowo sindikuwadziwa ndipo sindikulimbana nawo ayi, zina ananena zoona, tonse tikukumbukira 2015 pomwe ana a giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, masukulu ena makina anali ochepa ana nkumadikirana mpaka usiku makolo ali pageti ndi matochi. Zimenezo sindikutsutsa. Koma pomwe anati kompyuta yotchipa siingaphunzitse mwana kanthu, apo ndiye ndinaika foni pansi nkuyamba kuseka ndekha mpaka amayi akunyumba kundifunsa kuti kwagwanji bambo.

Ine kompyuta yoyamba kuigwira inali Sinclair ZX81, chaka cha 1984, ku Chilenje kuno, ndili ndi zaka 14. Amalume anga anali mphunzitsi wa samu, anapita ku England kukachita kosi, ndiye ife kunyumba tinkayembekeza kuti abwera ndi masuti, nsapato, mwinanso wailesi ya makaseti awiri, paja inali nthawi ya a Kaunda zinthu zikusowa, sopo ndi saladi mumachita kufolera pamzere kuyambira mbandakucha. Tsiku lofika anatsegula sutikesi pabalaza anthu tadzaza, nkutulutsa kanthu kakuda kophwatalala, kopepuka ngati buku la nyimbo la kutchalitchi, magalamu 350 basi. Agogo anga ochokera ku Katete anakatenga, kukatembenuza uku ndi uku, nkufunsa kuti mwana wanga ulendo wonse uja pandege wabwera ndi koikapo poto wotentha?

Kanthuka kanapangidwa ndi kampani ya Sinclair Research ya ku Cambridge, mwini wake Clive Sinclair, koma kulumikiza kwenikweni kunkachitikira ku fakitale ya Timex ku Dundee, Scotland. Kanatuluka mu Malichi 1981 pa mtengo wa £69.95, ndipo ngati uli wolimba mtima unkagula zidutswa zake pa £49.95 nkukawotcherera wekha kunyumba. Mkati munali machipi anayi okha. Timakompyuta timeneti tinagulidwa topitirira 1.5 miliyoni. Amalume anagula kakale kwa mnzawo wa kukoleji chifukwa pofika nthawi imeneyo ZX Spectrum inali itatuluka kale mu 1982, ya mitundu ndi mawu, ndiye azungu ZX81 ankangoitaya motchipa ngati salaula wa kumapeto kwa belo.

Tsono tamverani zomwe kanalibe. Sikirini kanalibe, umalumikiza ku TV ya panyumba. Mawu kanalibe, ngakhale kulira kuti pii. Mitundu ayi, zakuda ndi zoyera basi. Zilembo zing'onozing'ono kanalibe, chilichonse kankalemba ndi zilembo zazikulu ngati munthu wokalipa pa WhatsApp. Ngakhale switchi yoyatsira ndi kuzimitsira kunalibe, ukafuna kuzimitsa umangozula kawaya ka magetsi m'mbali, ndipo kabowo ka magetsiko kanali kofanana ndendende ndi timabowo tiwiri ta kaseti tolembedwa EAR ndi MIC, ndiye mumdima unkachita kupapasa uku ukupemphera. Mwayi wake pulagi ya ku England ndi yomweyi ya mano atatu timagwiritsa ntchito kuno. TV yathu inali yakuda ndi yoyera, inali ndi kachigudumu ka UHF komwe chigulireni palibe anakakhudzapo, amalume anapotokola pang'onopang'ono kufuna chanelo 36, chipale chofwa pasikirini chija chinangoti zii, kuyera, ndipo pakona pansi kumanzere panaoneka kachilembo K m'kabokosi kakuda. Basi. Tinadikira kuti mwina chibwera china. Palibe chinabwera. Achemwali anga anati ndiye filimu yake ndi imeneyi? nkutuluka kukatsuka mbale.

K ameneyo amatanthauza kuti ndikudikira undiuze chochita. Ndipo apa ndi pomwe pali nkhani yanga yonse a Mkonzi, kanthu kaja sikankachita chilichonse pakokha, ukafuna gemu ulembe wekha, ukafuna samu uuze wekha njira yake. Chinenero chake chinali BASIC. Amalume anandigwira chala nkundidinitsa P, pasikirini panatuluka liwu lonse PRINT, chifukwa mawu olamula sunkawalemba chilembo chimodzichimodzi, batani lililonse linali ndi liwu lake, G ndi GOTO, R ndi RUN, J ndi LOAD, ndipo batani limodzi linkatha kukhala ndi ntchito zinayi kapena zisanu malinga ndi zomwe wadina poyamba. Ndinalemba mizere iwiri, wa 10 woti lemba dzina langa, wa 20 woti bwerera ku 10, dzina langa linadzaza TV kuchokera pamwamba mpaka pansi, TV yomweyo timaonerapo a Pulezidenti akugwedeza kampango koyera. Usiku umenewo sindinagone.

Ndati mabatani koma ndanama, sanali mabatani. Kanali kapulasitiki kosalala kojambulidwa timabokosi 40, ukadina sumamva kuti chalowa kapena ayi, zili ngati ukudina pa chivundikiro cha kontena ya majarini. Unkayenera kuyang'ana pa TV nthawi zonse kuti uone ngati chilembo chatuluka. Sipesi sinali yaitali pansi ngati makiyibodi a lero, kanali kabokosi kamodzi pakona, ndipo komweko ndi komwe kanali BREAK koimitsira pulogalamu. Chimodzi chomwe ndimakayamikira mpaka lero, ukalemba mzere wolakwika kankakana kuulandira pomwepo, nkuika kachilembo S pamalo pomwe wasokoneza, ngati mphunzitsi woima kumbuyo kwako ndi choko.

Memore yake 1K. Achinyamata musaganize kuti ndalakwitsa kulemba, si 1 GB kapena 1 MB, ndi mabaiti 1,024, kunena kwake zilembo zokwana ma SMS asanu ndi limodzi ndi kapang'ono. Kalata ndikulembayi siingakwanemo ngakhale ndime zitatu. Komanso 1K yomweyo kompyuta inkadyako ina pa ntchito zake, ndipo zomwe zili pasikirini zinkakhalanso momwemo, sikirini yodzaza inkafuna mabaiti pafupifupi 800, ndiye pulogalamu ikakula malo olembera pa TV ankachepa, mpaka pansi patuluke nambala 4 kutanthauza kuti malo atha bwana. Zinali ngati nyumba ya chipinda chimodzi ku Kanyama, ukalowetsa kabati bedi lituluke. Pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira kuumira, liwu lililonse umaliyeza kaye ngati likufunikadi. Ndipo kuli munthu wina ku England, David Horne, analemba gemu ya chess yokwana mabaiti 672 yoti uzisewera ndi kompyuta pa 1K yomweyo. Inde malamulo ena a chess munalibe, komabe inkasewera. Foni ya mdzukulu wanga ili ndi 4 GB, kuposa kakompyuta kaja ka 4 miliyoni, koma tsiku lililonse akudandaula kuti agogo sipesi yatha.

Amalume anabweranso ndi kabokosi kowonjezera memore kufika 16K, kosomeka kumbuyo. Eee koma kameneko ndiye kanandiliritsa misozi yeniyeni. Sikankagwira zolimba, kankangolendewera pa mano ake, ndiye tebulo likangogwedezeka pang'ono, kapena iwe wadina kiyibodi mwamphamvu, sikirini imangoti balala kenako mbee, zonse walemba maola atatu zapita. Vutoli linali lodziwika dziko lonse, ku England anthu ankamata ndi Blu-Tack, kaphula komatira mapepala pakhoma. Ife Blu-Tack tikanaitenga kuti? Ndinatenga kathabwa kwa kalipentala wa pafupi ndi msika, nkumangirira kompyuta ndi kabokosi kake pamodzi ndi malegeni a chubu cha njinga, kumanga kwa mtolo wa makala pa kaliyala. Zinathandiza ndithu. Koma lamulo linakhazikika m'nyumba, ndikakhala pa tebulo palibe kudutsa pafupi, palibe kumenyetsa chitseko, mng'ono wanga wina anangoyetsemula atatsamira tebulo ndipo sitinayankhulane masiku awiri. Mwezi wa Okutobala kutentha kwa Lusaka kuja nakonso kankatentha ngati ayironi, akuti mkulu wake ZX80 azungu ankamuika paketi ya mkaka wozizira pamwamba, ine ndinkangokapepesa ndi chivundikiro cha bokosi la nsapato.

Kusunga ntchito kunali pa kaseti wamba, yomweyi ya nyimbo. Umalumikiza waya ku wailesi ya kaseti, kudina rekodi, kompyuta nkumatumiza kaphokoso kokhala ngati nyenje zikulira m'tchire masana. Pobwezeretsa ndiye panali ntchito, voliyumu ikachepa pang'ono sizilowa, ikakwera pang'ono sizilowa, TV ikungoonetsa mizere yakuda ndi yoyera ikuvina, iwe uli phee mphindi zisanu kapena kuposa osadziwa ngati zikuyenda, pamapeto pake K uja wabweranso yekha ngati palibe chachitika. Ndinapaka kadontho ka kyuteksi ya achemwali pa kachigudumu ka voliyumu kuti ndizidziwa pomwe zimagwirira. Achemwali omwewo tsiku lina anatenga kaseti yanga ya mapulogalamu a miyezi itatu nkujambulirapo kalindula wa pa wailesi, ati anaimvera kaye anamva kuti ndi yowonongeka ikungolira tswiii. Mpaka lero tikakumana pamaliro kapena paukwati nkhaniyi imatuluka.

Kanalinso ndi magiya awiri, SLOW ndi FAST. Chifukwa chotchipitsa, purosesa yake ya Z80, ubongo wa kompyutayo, ndi yomweyo inkajambulanso chithunzi pa TV, ndiye pa SLOW nthawi yambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, inkathera pojambula, samu nkumachita ndi kanthawi kotsalako. Ukaika FAST inkasiya kujambula, sikirini imathima, iyo nkumawerengera mumdima, ikamaliza chithunzi nkubwerera. Ngati munthu woti sangayende uku akuyankhula.

Manje ndikuuzeni ya chilimba, chifukwa iyi ndi yomwe inanditchukitsa mu layini yathu yonse. Amayi anali m'gulu la chilimba la azimayi khumi, ogulitsa pamsika ndi ena akutchalitchi, ndipo mwezi uliwonse pankakhala mkangano kuti alandire ndani, timapepala ta m'chipewa ena ankati pali chinyengo. Ine ndi nzeru zanga za zaka 15 ndinati amayi, kompyuta ilibe m'bale, isankhe ndi iyo. Anavomera. Loweruka azimayi anadzaza pabalaza ndi zitenje zawo, ndinalemba mayina papepala 1 mpaka 10, ndithudi amayi anga ndinawalemba poyamba poti ndi amayi anga, ndinasomeka magetsi, kulemba kamzere kamodzi ka RND kosankha nambala mwamwayi, kudina NEWLINE, Enter wa masiku amenewo. Pa TV panatuluka 1. Amayi alandira. Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja, zinatha bwino. Mwezi wotsatira tinachotsa dzina la amayi, pa nambala 1 panabwera amayi aang'ono, mng'ono wawo weniweni. Ndinasomeka, kulemba, kudina. 1. Pabalaza panati zii. Mwezi wachitatu pa nambala 1 panali aneba athu omwe ankagawana mchere ndi amayi, ndipo inu a Mkonzi mukudziwa kale chomwe chinatuluka. Mayi wina wamkulu thupi, wogulitsa kapenta, anaimirira nkumanga chitenje bwinobwino nati kanthu aka kakudziwa eni ake, mwakadyetsa chani? Mawu oti ufiti sanatchulidwe koma anali m'chipindamo.

Amalume atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenako ananditsegulira buku la malangizo a kompyutayo nkundionetsa. RND si mwayi weniweni, ndi samu yomwe imayambira pa nambala imodzimodzi nthawi zonse ukangoyatsa kompyuta, ndipo nambala yoyamba kutuluka ndi kakang'ono kwambiri, 0.001 ndi tina, ndiye uchulukitse ndi 10 kapena ndi 9 kapena ndi 8 nkuwonjezera 1, yankho ndi 1 basi mpaka Yesu adzabwere. Pamafunika kuyamba ndi liwu loti RAND kuti iyambire pena. Liwu limodzi, batani limodzi la T. Ndinapita nyumba ndi nyumba kukapepesa ndi kufotokoza, palibe anamvetsa, chilimba chinabwerera ku chipewa. Koma ine phunziro lomwe ndinatola tsiku limenelo landidyetsa zaka 30 ndikugwira ntchito ya maakaunti, munthu akandiuza kuti ndi kompyuta yatero ine ndimafunsa kuti anaiuza ndani.

Amalume nawonso anali ndi kamasewera kawo. ZX81 zoyambirira zinatuluka ndi cholakwika mkati, ukafunsa square root ya 0.25 mmalo moyankha 0.5 inkayankha 1.3591409, kampani inadzakonza pambuyo pake koma yathu inali ya gulu loyambalo. Ndiye akabwera aphunzitsi anzawo kudzacheza ankawaonetsa dala, nkumati mwaona, ngakhale ya ku England imalephera samu ya giredi 8, musamakalipire ana kwambiri.

Ntchito zina zomwe tinakagwiritsa, opanga ake sanaziloteko. Pa kitchen party ya achemwali tinanyamula TV kuika pa tebulo la mphatso, mayina a mkwati ndi mkwatibwi akuyenda pasikirini kuchokera kumanja kupita kumanzere usiku wonse, anthu ankaganiza kuti talipira ku wailesi ya kanema kuti atilengeze, alangizi ena mpaka anafunsa kuti zikuonekanso ku Kitwe? Amalume ankawerengera ma avereji a mayeso a kalasi yonse, ntchito yomwe kale inkawadyera Sabata lathunthu. Ndipo ngakhale kanalibe sipika, ndinatulukira mwangozi kuti ukaika wailesi ya mabatire pafupi nkutsegula pa medium wave pomwe palibe siteshoni, umamva kompyuta ikuganiza, kulira kwake kumasintha malinga ndi zomwe ikuchita, ndiye ndinkalemba timalupu, timizere tobwerezabwereza, tatitali ndi tatifupi kuti ndipange ngati kanyimbo. Kanali koipa zedi, agogo ankati ndikuitana mizimu. Pulinta yake tinali nayonso, ija yolemba pa pepala lonyezimira ngati la m'paketi ya fodya, inkachita kuwotcha zilembo ndi timoto ting'onoting'ono nkumanunkha, koma mipukutu iwiri yomwe amalume anabwera nayo itatha basi nkhani inathera pomwepo, ndani akanakupatsa foreksi yoitanitsira mapepala a chidole nthawi imene ija kwacha ikugulitsidwa pa okushoni?

Ku America kanagulitsidwa ndi dzina loti Timex Sinclair 1000, mu 1982, pa $99.95, memore 2K. Chaka chotsatira kampani ya Commodore inalengeza kuti ukabweretsa kompyuta ina iliyonse akuchotsera $100 pogula yawo, ndiye anthu ochenjera ankakagula ka Timex komwe mtengo unali utagwa kale nkukapereka, ndipo akuti kumeneko ena ankatigwiritsa ntchito ngati chotsekereza chitseko poti kaumbidwe kake ndi kotsetsereka ngati mphero. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira agogo ndi poto wawo wotentha, sanalakwe kwenikweni. A Sinclair eni ake anadzagwa ndi kagalimoto kawo ka magetsi ka C5 mu 1985, nkugulitsa bizinesi ya makompyuta kwa Amstrad mu 1986, anamwalira mu Sepitembala 2021 ali ndi zaka 81.

Tsono kwa bambo aja, ine sindikunena kuti boma ligule ZX81, ayi ndithu, kanthu kaja kanali kovuta ndipo theka la nthawi yanga linkathera kulira. Ndikunena kuti mdzukulu wanga ali giredi 9, m'kope mwake wajambula mouse ndi monitor nkulemba mayina a ziwalo zake mokongola ndi bolopeni yofiira, mayeso amakhoza, foni amaitha kuposa ine, koma sanauzepo makina kuti achite kanthu komwe iye waganiza yekha, ngakhale kamodzi. Ndikamufunsa akuti kusukulu makompyuta ndi ochepa ndipo malaiti amapita, zomwe ndi zoona, chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba tonse tinaona mdima wake. Koma ife TV inali imodzi nyumba yonse, nthawi ya nyuzi ikakwana abambo ankangoti zula, kaya uli pakati pa pulogalamu kaya chani, ndiye ndinazolowera kulemba pulogalamu yonse m'kope ndi pensulo, kuiyendetsa m'mutu mzere ndi mzere ndili pa bedi, kuti ndikapeza mphindi 40 zanga ndingolowetsa. Zambiri ndinaphunzira kompyuta ili yozimitsa. Lero kuli timakompyuta ngati Raspberry Pi, kanatuluka 2012 pa $35, nakonso kochokera ku Cambridge komweko, kosomeka pa TV ngati kathu kaja, ndipo makompyuta akale omwe maofesi a mu Cairo Road amaunjika m'sitolo kudikira kutaya, iliyonse mwa imeneyo ndi chimphona poyerekeza ndi yomwe inandilera ine.

Chomwe chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Amalume anatisiya chaka chatha, ndipo pogawa katundu ku Chilenje ndinakapeza m'thiranki pansi pa mabuku awo a samu, kakadali pa kathabwa kaja, malegeni okha ndi omwe anaphwephweteka. Abale ena ankalimbirana firiji ndi masofa, ine ndinangonyamula kameneka palibe anandiletsa. Adaputa yake ya 9V inasowa, ndipo nditatsegula ndapeza kuti kariboni ka kiyibodi kanang'aluka, matenda ake odziwika tikakalamba. Ndazungulira mu Katondo Street ndi ku Town Centre, anyamata okonza mafoni akungokajambula zithunzi nkumaitanizana kuti bwera uone calculator ya mdala. Mmodzi yekha ndi amene anachita chidwi, wati adaputa angandipangire ndipo angayese kulumikiza chithunzi ku TV za masiku ano, koma kiyibodi alibe pogwira. Ndiye ngati alipo wowerenga, kaya kuno ku Lusaka kaya ku Chipata kaya ku Malawi, yemwe ali ndi ZX81 yakufa m'kabati kapena kiyibodi yake chabe, chonde asiye uthenga kwa a Mkonzi andipeza, ndigula kapena tisinthana ndi nkhuku. Mdzukulu wanga ndamuuza kale kuti holide ikubwerayi akhala pa tebulo ndi ine, ndipo asatsamire.

Ine wanu wowerenga,
Mdala wa ku Chilenje South, Lusaka